Gireda yawononga njira ya njinga ku Nambuma

Akonzi,

Njinga yakapalasa ndiyo imasenza moyo wa anthu ambiri a ku Nambuma, chifukwa ndiyo imapititsa mtedza, soya ndi chimanga kumsika, ndiponso ndiyo imathamangira kuchipatala ndi mayi woyembekezera nthawi yake ikakwana usiku. Nchifukwa chake wolemba kalatayi, amene ndi mlimi komanso kholo la mnyamata wa kabaza, ali ndi mkwiyo waukulu pa zimene ofesi ina yoona za misewu yachita pa mtsetse wotsikira kudambo pafupi ndi mudzi wake.

Dothi la pa mtsetse umenewu ndi katondo, amene amaterera koopsa mvula ikangowaza. M'chilimwe chathachi anyamata a kabaza, omwe ndi aja amanyamula anthu ndi katundu pa kaliyala kuti apeze ya sopo, adagwirizana ndi anyakwawa kukonza njirayo ndi makasu, mapiki ndi wilibala yobwereka, popanda wowalipira. Adakumba ngalande zopatutsa madzi, zomwe ndi timifuleni topingasa totayira madzi kuudzu asanalimbe mphamvu, ndipo pamalo potsetsereka kwambiri adakhotetsa njirayo kawiri kuti njinga yolemedwa isamatsike molunjika, popeza mabuleki sagwira limu ikanyowa ndi matope. M'mbali adabzala vetiva, udzu wa mizu yozama umene umagwira dothi, ndipo pamalo a chinyontho adayala miyala imene amayi adatuta pamutu.

Mvula itatsala pang'ono kuyamba, kudafika gireda, chigalimoto chopala msewu chija, ndipo m'mawa umodzi wokha idawongola makhota aja, kukwirira ngalande zonse, kuzula vetiva ndi kukankhira miyala kudambo. Woyendetsayo, atafunsidwa ndi anyamatawo, adangoti watumidwa. Palibe amene adafunsa anyakwawa kapena komiti ya chitukuko ya m'mudzi, chonsecho ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma ang'ono la 1998 zidabwera ncholinga choti chitukuko chiziyambira kwa eni dera. Mvula yoyamba itagwa, madzi adayenda pakati penipeni pa njira, ndipo tsopano pali chigwembe chofika m'chiuno mwa munthu wamkulu.

M'chigwembe chimenechi ndimo mudagwera mwana wa wolemba kalatayi, atanyamula matumba awiri a feteleza a makilogalamu 50 lililonse. Adathyoka mkono wamanja, limu ya kutsogolo idapindika, masipoko adaduka, ndipo thumba limodzi lidang'ambika, feteleza nkusungunukira m'matope mwini wake akuona. Mwini fetelezayo akufuna malipiro, ndipo sakulakwa. Njingayo idagulidwa ndi ngongole ya banki m'khonde, gulu lija losunga ndi kubwereketsana ndalama pamudzi, ndipo ngongoleyo ikuswa chiwongoladzanja mnyamatayo ali pamphasa ndi mkono womangidwa. Mayi ake, omwe amadwala miyendo, ndiwo akusenza chigayo pamutu kuzungulira njira yakutali.

Wolemba kalatayi adagulitsa nkhuku kuti apeze ya thiransipoti yopitira ku ofesi ija. Ulendo wina adauzidwa kuti bwana ali kumsonkhano kunyanja, ulendo wina kuti alembe kalata, ndipo atailemba adauzidwa kuti yasowa. Mlembi wina, osadzutsa nkomwe maso pafoni yake, adamuyankha kuti, "Bambo, mumayenera kuthokoza kuti gireda idafika kwanuko." Mawu amenewa ndi achipongwe kwa kholo limene mwana wake wavulala, ndipo munthu wa imvi sayenera kuyankhidwa chotero. Nawo aja amabwera ndi nsalu ndi malonjezo nthawi ya kampeni sadaonekeko, pamene anyamata omwewa amadula tikiti pamsika ndipo mitengo ya matayala ndi machubu ikungokwera.

Ku Luwawa, m'mapiri a Viphya m'boma la Mzimba, kumachitika mpikisano wa njinga za m'mapiri umene umakopa ngakhale alendo akunja, ndipo anthu odziwa masewerawa amanena kuti mdani wamkulu wa njira yotsetsereka ndi madzi oyenda motsata njirayo. Anyamata a ku Nambuma, omwe sakwera njinga mongosangalala, adazidziwa zimenezi popanda kupita kusukulu ya zomangamanga, ndipo nzomvetsa chisoni kuti ofesi yokhala ndi akatswiri olipidwa ndi misonkho ya anthu idazinyalanyaza.

Chonde, akuluakulu a ofesiyo afike pa mtsetsewo mvula ya mu February isanadule njira yonse, akhale pansi ndi anyakwawa ndi anyamata a kabaza, akwirire chigwembecho ndi dothi la miyala, abwezeretse ngalande ndi makhota monga zidalili, ndipo alipire njinga, feteleza ndi ndalama zonse zimene banjali lawononga posamalira wovulalayo.

Kholo lodandaula,
Nambuma