Za Hisope, ndi Malire a Mphamvu Yace

Inu akuru, eni mabanja, dzina la hisope mwalimva kawiri kawiri m'Buku Lopatulika, pamene linena za kuwaza mwazi pamakomo m'dziko la Aigupto, ndi za kuyeretsa wakhate. Cifukwa ca ici ena ayesa kuti hisope acotsa nthenda iri yonse. Ganizo limeneli ndilikana, ndipo mumve cifukwa cace.

M'masiku aja hisope anagwira nchito ya cowazira, sanali mankhwala akumwa ai. Ndiponso ophunzira za zomera ambiri ayesa kuti cinali citsamba cina, cochedwa Origanum syriacum. Hisope wa mankhwala kwao ndi kumwera kwa Ulaya ndi maiko ozungulira nyanja ya Caspian. Ndiye mbale wace wa mpungabwi, msinkhu wace ufika m'bondo, masamba ace ngonunkhira ndi owawa, ndipo maluwa ace obiriwira ngati thambo akondedwa ndi njuci.

Anthu a kumeneko anamdziwa kale. M'caka ca 1652 Nicholas Culpeper wa ku England analemba kuti wotsokomola ndi wobanika amwe hisope wowiritsa pamodzi ndi uci ndi citsamba cina, ndi kuti amaika pa mikwingwirima. Kufikira lero ena amwa madzi a masamba ace kuti makhololo amasuke. Thandizo laling'ono lotere sindilinyoza.

Koma gwirani mau awiri awa. Loyamba: mafuta otcezedwa m'masamba ace ali ndi ululu wokomola munthu monga acita khunyu. Asamwe mwana, kapena mai wapakati, kapena wodwala khunyu. Laciwiri: kufewetsa cifuwa sikupha nthenda. Cifuwa cacikuru cidza ndi tizirombo tosaoneka ndi maso, timene Robert Koch anatipeza m'caka ca 1882, ndipo palibe tsamba lowiritsa lingathe kutigonjetsa. Mankhwala ace ali kucipatala, ndipo amwedwa miyezi 6 osadumpha tsiku.

Cotero mwana kapena mkazi wanu akatsokomola masabata 2, naonda, natuluka thukuta usiku, musataye nthawi ndi kufunafuna citsamba ca dzina lomveka. Pamene mucedwa, tizirombo tifalikira kwa onse ogona naye m'nyumba. Mumtenge mupite naye akayesedwe makhololo. Mlandu wa moyo wace uli pa inu, popeza ndinu amene mulamula ulendo pakhomo panu.