Matenda a Injini Saombezedwa Ula

Kuseri kwa nyumba zina kumapezeka galimoto ya Peugeot 404 imene yakhala pamiyala zaka khumi, nkhuku zikuikira mazira pampando wakumbuyo. Mwini wake akaganiza zoiukitsa, kawirikawiri amagwa m'manja mwa makaniko wosachedwa kugamula mlandu. Injini ikangotsokomola kawiri n'kuzima, iye amapukusa mutu nati, "Bwana, kabuleta yatha, gulani ina." Kabuleta ina ikabwera vuto osasintha, mlandu umagwera koyilo. Ukachoka apo umagwera pampu ya petulo. Pamapeto pake, thumba la mwini galimoto litaphwa, chigamulo chimakhala chakuti injini yonse izulidwe, aikemo ya galimoto ina ya ku Japan. Mchitidwe wotere si umakaniko ayi. Ndi kuombeza ula, ndipo woombezayo sataya kanthu akaphonya.

Galimoto imene akuichita chipongweyi si yamasewera. Inayamba kupangidwa ku France mu 1960, ndipo ngakhale kumeneko analeka mu 1975, ku Kenya anapitiriza kuilumikiza mpaka 1991. Pampikisano wa East African Safari Rally, m'misewu ya matope ndi fumbi, inapambana mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968. Injini yake ya petulo ya masilinda anayi, ya 1618 cc, ndi yosavuta kuimvetsa kwa munthu wofuna kuimvetsa. Kuti ilire imafuna zinthu zinayi: petulo wosakanikirana bwino ndi mpweya, moto wa pa pulagi, kupanikizika kokwanira m'silinda, ndiponso kuti motowo ufike pa nthawi yake. Injini ikakana kulira, chimodzi mwa zinayizi chasowa, ndipo chilichonse chili ndi njira yochiyesera popanda kugula kanthu.

Mmisiri weniweni sathamangira kiyi. Injini imene yagona zaka zambiri amayamba waithira oyilo pang'ono m'mabowo a mapulagi, kenaka n'kuipukusa ndi dzanja kuti aone ngati mapisitoni sanagwidwe ndi dzimbiri. Akatero amanunkhiza thanki. Petulo wokhalitsa amasanduka phula lomata limene limatseka timabowo ta m'kabuleta, ndipo mankhwala ake ndi kutsuka, osati kutaya. Palinso china chimene woombeza uja saganizira. Chiyambire 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kutcheza ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe, petulo wa m'Malawi wakhala akusakanizidwa ndi ethanol. Ethanol amakoka chinyezi, chinyezi n'kudyetsa thanki dzimbiri; amafooketsanso mapaipi a labala wakale. Woika kabuleta yatsopano pa thanki yadzimbiri amakhala ngati wothira madzi oyera m'mtsuko wosatsuka. Sabata isanathe timabowo tija tatsekekanso.

Injini ikalira, imayamba kunena yokha matenda ake, koma imanena kwa wodekha. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Utsi wakuda umatanthauza kuti petulo wachuluka kuposa mpweya, mwina chifukwa sefa ya mpweya yatsekeka kapena choki yakanirira. Utsi wobiriwira ngati mtambo umatanthauza kuti oyilo akupsa, ndipo oyiloyo wadutsa pa maring'i otha kapena m'mbali mwa mavalavu. Utsi woyera wa mmawa, umene umatha injini ikatentha, ndi nthunzi chabe. Koma woyera wochindikala wosaleka, makamaka madzi akamachepa m'rediyeta ndipo oyilo akamaoneka ngati tiyi wamkaka, umaloza kuti madzi apeza njira yolowera kumene sayenera. Mapulagi nawo ndi mboni zosanama. Pulagi yofiirira pang'ono ndi ya silinda yathanzi, yamwaye ndi ya petulo wochuluka, yonyowa ndi oyilo ndi ya silinda yotha, ndipo yotuwa mbee ndi ya silinda imene ikutentha mopitirira. Mboni zinayi zimenezi zimamasulidwa ndi sipanala imodzi m'mphindi zowerengeka. N'zomvetsa chisoni kuti ambiri amazimasula n'kuziponya m'chitini chimodzi, osasamala kuti iyi yachokera m'silinda iti.

Chida chimene chimathetsa makani onse ndi geji yoyezera kupanikizika. Amaiika pabowo la pulagi, napukusa injini, nalemba nambala ya silinda iliyonse. Silinda imodzi ikatsika kwambiri poyerekeza ndi zinzake, amathiramo oyilo wodzaza kasupuni n'kuyezanso. Nambala ikakwera, vuto lili pa maring'i, pakuti oyilo watseka mpata kwa kanthawi. Ikapanda kusuntha, vuto lili pa mavalavu. Masilinda awiri oyandikana akatsika pamodzi, woyamba kukayikiridwa ndi gasiketi ya pamutu pa injini. Ntchito yonseyi sifika ola limodzi. Makaniko amene amalamula kuti injini iphwasulidwe asanachite zimenezi akufanana ndi dokotala wong'amba mimba ya wodwala asanamufunse pamene pakupweteka.

Oikira kumbuyo mchitidwe wosinthasinthawu ali ndi mfundo zawo. Amati masipeya a 404 ndi osowa, choncho n'kwanzeru kuikamo injini imene zitsulo zake zili ponseponse. Zoonadi, injini imene buloko yake yang'aluka ingafunike kusinthidwa, ndipo palibe angatsutse. Koma kusowa kwa masipeya ndiye chifukwa chachikulu choyezera kaye. Chitsulo chosowa sichigulidwa mongoyerekeza, ndipo kabuleta yoyambirira imene yatayidwa kudzala lero singapezekenso mawa. Ndiponso injini ya 404 inapangidwa kuti izikonzedwa: masilinda ake ndi malaina ochotseka, otha kuzulidwa n'kuikamo ena buloko ili yomweyo. Kuzula injini yotere chifukwa cha maring'i n'kugwetsa nyumba chifukwa cha chitseko chothyoka. Galimotoyo imayenda ndithu pambuyo pake, koma imene ikuyendayo si 404 imene mwini wake anafuna kuukitsa.

Ena amati nthawi yasintha, masiku ano kompyuta ndiyo imauza makaniko chimene chavuta. Koma 404 ilibe pobayira kompyuta, ndipo ngakhale pa galimoto zatsopano makinawo amangoloza dera limene muli vuto, osati chitsulo choyenera kugula. Wachinyamata amene waphunzira kuwerenga utsi, pulagi ndi geji pa injini yakale amaimvetsa bwino nambala ya pakompyuta kuposa mnzake amene anayambira pakompyutapo.

Eni magalimoto nawo ali ndi gawo lawo pa mlanduwu. Ambiri amakana kulipira ola limene makaniko wathera poyeza, poti sanaone chitsulo chatsopano, koma amalipira mosanyinyirika masipeya atatu osafunika. Makaniko amaphunzira msanga chimene chimabweretsa ndalama. Mwina n'chifukwa chake 404 ina, itagulidwira kabuleta, koyilo ndi pampu, imadzalira tsiku limene wina wapala mapointi a m'distribyuta ndi kapepala ka sandipepala.