"Ana Adzabala Ana": Ndionetseni Vesi Lake

Loweruka lina masana ndinali mu minibasi yochokera ku Maramba kupita m'tauni. Panjira panakwera kamtsikana kamene zaka zake sindikhulupirira kuti zinapitirira 15, mimba ili patsogolo, chitenje katamangira pachifuwa. Kanakhala mpando wakumbuyo, maso pansi. Katangotsika, amai ena amene anali ndi beseni la tomato pamiyendo anapukusa mutu nati, "Zinalembedwa izi. Baibulo inakamba kale kuti masiku otsiriza ana adzabala ana." Kondakitala anavomera. Abambo ena ovala jekete anavomera. Basi yonse inati zoona.

Ine ndinafunsa mwaulemu ndithu. "Amai, vesi limenelo lili m'buku liti?"

Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. "Mwana wanga, ukawerenge Chivumbulutso."

Ndinakawerenga, machaputala onse 22, ndipo mawuwo mulibe. Ndinabwereka Buku Lopatulika la ambuya, lija linatuluka koyamba mu 1922, ndinasanthula Buku Loyera la 1998, ndinafufuzanso m'Baibulo la Chizungu la pafoni. Kuyambira Genesis mpaka kumapeto, m'mabuku 66 amene matchalitchi ambiri amawerenga, ngakhale m'mabuku 73 a Akatolika, palibe pamene analemba kuti masiku otsiriza ana adzabala ana. Amene akutsutsa abwere ndi buku, chaputala ndi vesi. Ndidzamugulira drinki yozizira pa Maramba Market, anthu akuona.

Nanga mawuwa anachokera kuti? Ndikuganiza kuti ndi zigamba za mavesi osiyanasiyana zimene anthu anazisoka pamodzi m'mutu. Pa Mateyu 24 Yesu akutchula zizindikiro za mapeto: nkhondo, njala, zivomezi, aneneri onyenga, chikondi kuzirala. Pa vesi 19 akumvera chisoni azimai apakati ndi oyamwitsa, chifukwa kuthawa tsoka uli ndi mimba kapena khanda n'kovuta. Za msinkhu wawo sakunenapo kanthu. Pa 2 Timoteyo 3 pali mndandanda wa makhalidwe a masiku otsiriza, ndipo kusamvera makolo kulimo. Akuluakulu amalikonda vesi limeneli, koma amalumpha mawu oyandikana nawo onena za anthu odzikonda, okonda ndalama ndi okonda zosangalatsa, amene sasankha msinkhu. Pa Yesaya 3 mneneri akuti anyamata adzakhala olamulira, koma akukamba za chilango cha Yerusalemu ndi Yuda wa nthawi yake, ndipo mukatsika pa vesi 14 ndi 15 mupeza kuti amene Mulungu akuwaimba mlandu ndi akuluakulu ndi atsogoleri, chifukwa cholanda za amphawi.

Chimene chikuyandikirako pang'ono chili m'buku lotchedwa 2 Esdras, lolembedwa cha m'ma 100 AD, Aroma atagwetsa kale Yerusalemu. Chaputala 6 chikukamba za makanda a chaka chimodzi amene adzayankhula, ndi azimai amene adzabereka mimba ili ndi miyezi itatu kapena inayi. Chaputala 5 chikuti obadwa pambuyo amachepa thupi kuposa oyamba, chifukwa dziko likukalamba. Bukuli linasindikizidwa pakati pa mabuku a Apocrypha m'Baibulo la King James la 1611, ndipo Tchalitchi cha Orthodox cha ku Ethiopia chimaliwerenga. M'Baibulo limene amai a tomato aja amanyamula Lamlungu mulibe. Ndipo ngakhale m'menemo simunalembedwe kuti ana adzabala ana.

Wina anena kuti, "Iwe, ukulimbana ndi tizilembo. Kaya lilimo kaya mulibe, tanthauzo n'loona. Suona ana a masiku ano?" Winanso andikumbutsa kuti mawu a akulu akoma akagonera. Sindikukana. Akanati awa ndi maganizo awo, tikanakhala pansi n'kukambirana. Koma munthu akati "Baibulo imati", watseka nkhani. Palibe amene amatsutsana ndi Mulungu mu minibasi. Ndiye ngati mawuwo si a Mulungu, ndiye kuti wina wabwereka dzina lake kuti atitseke pakamwa. Miyambo 30:6 imachenjeza za kuwonjezera pa mawu a Mulungu, ndipo imati wotero adzapezeka wabodza. Vesi ilo ndiye lilimodi.

Chimene chikundiwawa kwambiri ndi ntchito imene mawuwa amagwira. Tamverani bwino mmene anawaumbira: ana adzabala ana. Muli mwana wobala, muli mwana wobadwa. Mwamuna ali kuti? Mimba ija yangogwa ngati mvula ya mu January? Mu minibasi muja tinalimo anthu oposa 10, ndipo palibe ngakhale mmodzi amene anafunsa kuti anamupatsa mimba mwanayo ndani. Ulosi unali utayankha kale. Chinthu chikakhala cholembedwa, palibe wolakwa. Palibe chifukwa chopitira ku polisi, palibe chifukwa chofunsa amalume amene amagona m'nyumba imodzi ndi mwanayo, palibe chifukwa chofunsa bambo wa galimoto amene amaimika pakona sukulu ikaweruka. Tonse timangopukusa mitu, n'kutsika pa siteshoni yathu mitima ili mbee.

Tsono tiyeni tione ngati zoti m'badwo uno ndiwo waonongeka zili zoona. Kafukufuku wa boma wa Zambia Demographic and Health Survey wa 1992 anapeza kuti atsikana 34 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena ali ndi mimba yoyamba. Kafukufuku yemweyo mu 2018 anapeza 29 pa 100. Nambala imeneyi ikadali yochititsa manyazi, koma ndi yotsika kuposa ya nthawi imene amai athu anali atsikana. Funsani ambuya anu kuti mwana wawo woyamba anamubala ali ndi zaka zingati. Ambiri anakwatiwa atangotha msinkhu, ndipo palibe amene ankati dziko likutha. Ankati ndi ukwati. Chimene chasintha n'chakuti lero mtsikanayo wavala yunifomu, ndiye mimba yake ikuonekera kwa aliyense.

Kafukufuku wa 2018 uja akuonetsanso chinthu china. Ku Lusaka Province nambala inali 15 pa 100. Kuno ku Southern Province inali 43 pa 100, pamwamba pa zigawo zonse. M'mabanja osaukitsitsa inali 46 pa 100, m'mabanja olemera 8 chabe. Ndiye ndifunse: masiku otsirizawa amadziwa malire a zigawo? Amafika ku Kalomo ndi ku Kazungula koma amaopa mageti a ku Kabulonga? Ulosi wanji umene umayamba wayang'ana m'thumba la atate ako? Chinthu chimene chimatsata umphawi chotere dzina lake ndi umphawi. Ndi sukulu yakutali, ndi nyumba yogona ndi njala, ndi mwana amene alibe ndalama ya mapadi ndipo wina wamulonjeza.

Ife a mu Livingstone tikuzidziwa izi. Tauni yathu ndi ya pamalire. Mathiraki amadutsa usana ndi usiku kupita pa mlatho wa Victoria Falls ndi pa mlatho wa Kazungula umene unatsegulidwa mu 2021. Alendo amabwera ndi madola kudzaona Mosi-oa-Tunya, pamene ku Malota, ku Libuyu, ku Ngwenya ndi ku Linda kuli nyumba zimene nsima imaphikidwa kamodzi patsiku. Ndalama ndi njala zikakhala moyandikana chonchi, amene amapwetekeka ndi mwana wamkazi. Sindikunena kuti mimba iliyonse ndi ya mablesa. Zina ndi za anyamata anzathu a m'kalasi imodzi, ndipo ife anyamata tisabisale kumbuyo kwa madalaivala a mathiraki. Koma kaya ndi bambo wa zaka 45 kaya mnyamata wa giredi 11, ali ndi dzina, ali ndi nyumba imene amagona. Mneneri sanamutume.

Malamulo a dziko lino anasiya kale kudikira mapeto a dziko. Gawo 138 la Penal Code likuti wogona ndi mwana wosakwana zaka 16 apite kundende zaka zosachepera 15. Kumapeto kwa 2023 lamulo la maukwati linasinthidwa kuti ukwati uliwonse wa munthu wosakwana zaka 18 ukhale wosavomerezeka, ngakhale wa mwambo. Kuyambira 1997 mtsikana amene wabereka ali ndi ufulu wobwerera kusukulu, ndipo kuyambira January 2022 sukulu za boma n'zaulere mpaka kumaliza sekondale. Ku polisi kuli Victim Support Unit, ndipo nambala ya Childline, 116, ndi yaulere. Zonsezi zimagwira ntchito pokhapokha wina atatsegula pakamwa. Banja limene lakhulupirira kuti zinalembedwa silitsegula pakamwa. Limaitana mwamunayo usiku, n'kulandira ndalama ya damage, nkhani n'kuthera pamphasa.

Chodabwitsa n'chakuti Baibulo lenilenilo lili ndi nkhani ya mwambi wonga uwu. M'nthawi ya Ezekieli anthu anali ndi mwambi wawo wa mibadwo, wonena za makolo amene adya mphesa zosapsa koma mano n'kuyayamira ana. Aliyense ankaunena, ndipo unkamveka wanzeru. Pa Ezekieli 18 Mulungu akuwaletsa kuunenanso, ndipo chaputala chonsecho chikufotokoza kuti munthu aliyense adzayankha mlandu wa zochita zake. Yeremiya 31 ikubwereza zomwezo. Mlaliki 7:10 ikuletsa kufunsa chifukwa chimene masiku akale anali abwino kuposa ano, ndipo ikuti funso lotere silichokera mu nzeru. Pa Mateyu 18:6 Yesu akukamba za munthu wolakwitsa kamwana, ndipo chimene akumutchulira ndi mwala wa mphero m'khosi ndi nyanja yakuya. Mavesi awa ali ndi manambala, aliyense angathe kuwapeza. N'chifukwa chiyani sitiwamva mu minibasi? Ndikuganiza kuti n'chifukwa chakuti vesi lopekalo limaloza chala mwana, pamene mavesi enieniwa amaloza ife.

Pa 29 December 1991 Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, ndipo mu 1996 mawuwo analowa m'mawu otsogolera a malamulo oyendetsera dziko. Chabwino. Koma dziko limene ladzitcha dzina limeneli liyenera kudziwa zimene zili m'buku lake ndi zimene mulibe. Abusa, inu munapita kusukulu ya Baibulo. Mukamva mawu awa pa maliro kapena pa msonkhano wa azimai, mumadziwa kuti mulibe, koma mumakhala chete chifukwa amakometsa ulaliki. Chete wanuyo ali ndi mtengo wake, ndipo amene akulipira ndi mwana wa zaka 14 wa mu kwaya yanu.

Anzanga a mu komboni, nafenso tisadziyeretse. Ambuya anamva mawuwa kwa ena, ndipo mwina sukulu sanapite nayo patali. Ife tili ndi Baibulo lonse m'foni, ndipo kufufuza mawu kumatenga nthawi yochepa kuposa kutsegula vidiyo ya pa TikTok. Koma ndife amene timatumiza zithunzi za mavesi opeka pa WhatsApp, n'kulemba Amen pansi pake. Anthu a ku Bereya pa Machitidwe 17:11 anayamikiridwa chifukwa ankafufuza m'malemba tsiku ndi tsiku kuti aone ngati zimene Paulo ankawauza zinali zoona. Ngati Paulo anafufuzidwa, kondakitala wa ku Maramba ndani?

Sindikukutumani kukanyoza akuluakulu. Tsiku lina mawuwa akadzatulukanso, kaya pa mpopi, kaya pa kantemba, kaya m'nyumba mwanu momwe, dzafunseni mwaulemu mafunso awiri. Loyamba: lili pa chaputala chanji? Lachiwiri: mwamunayo ndani, ndipo ali kuti? Funso loyamba adzaliseka. Lachiwiri lidzakhalitsa anthu chete, ndipo pamenepo m'pamene nkhani yeniyeni iyambire.

Kamtsikana kaja kanatsika pafupi ndi chipatala, kali kokha. Ine ndinalimbana ndi amai a tomato za vesi, koma sindinatsike kukafunsa ngati kali ndi woperekeza, kapena ngati kakudziwa kuti malo ake kusukulu akadalipo. Akulu omwewo anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwambi umenewu palibe amene anaunamizira kuti uli m'Baibulo, ndipo tsiku lija basi yonse, ndi ine ndemwe, tinauiwala.