Bala la pachibwano si nkhani yosoka basi

Imani pa Jenda tsiku la msika muwerenge ana amene akwera kabaza. Wina amukhazika pa thanki, wina amupanikiza pakati pa mayi ndi thumba la chimanga, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe wavala chisoti. Njinga ikaterereka, mwana amafikira chibwano pansi. N'chimodzimodzinso wogwa pa ngolo ku Mabulabo, wogwa mu mtengo wa mango, kapena mbusa wamng'ono wopondedwa ndi ng'ombe ku Edingeni.

Chondipweteka ndi zimene zimatsatira. Tikaona magazi pachibwano timathamangira kosoketsa, bala likapola timati zatha. Koma mphamvu ya kugwako imadutsa m'fupa n'kukathyola nsagwada kumtunda, pafupi ndi khutu, pamene imalumikizana ndi mutu. Pamenepo ndi pomwe nsagwada ya mwana imakulira. Fupa la mwana silidikira munthu: pakatha milungu iwiri kapena itatu limakhala litayamba kugwirana, kaya lili m'malo mwake kaya lapotoka. Ena nkhope imakula mopendekera, chibwano n'kutsalira m'mbuyo. Ena mano achikulire amene anali asanamere amawonongekera m'kati. Choopsa kwambiri n'chakuti nsagwada imatha kumatirira ku fupa la mutu, kamwa n'kuleka kutseguka. Mwana wotere nsima imamukanika, amangokhalira phala, kusukulu anzake amamuseka. Kumumasula kumafuna opaleshoni yaikulu, ndipo akatswiri ake m'dziko muno ndi owerengeka.

Boma lisabisale kumbuyo kwa umphawi. Maphunziro a madokotala a mano anayamba ku Blantyre mu 2019, ndondomeko ya dziko ya umoyo wa m'kamwa inakhazikitsidwa mu 2022. Zabwino. Nanga mwana wa ku Khosolo zamufikira? Kufunsa mwana kuti atsegule pakamwa, kuona ngati mano akukumana bwino, kugwira kutsogolo kwa khutu, zimenezi sizifuna ndalama za mabungwe akunja. Wogwira ntchito pachipatala chilichonse chaching'ono aphunzitsidwe kutero asanatole singano, ndipo akakayika atumize mwanayo ku chipatala cha boma la Mzimba kapena ku Embangweni tsiku lomwelo, kuti ngati n'kofunika akafike ku Mzuzu Central, ulendo wa makilomita oposa 100, fupa lisanagwirane.

Apolisi apamsewu ndi khonsolo ya M'mbelwa aletse kukhazika ana pa thanki. Ndipo inu makolo, mwana akagwa n'kuyamba kukana kutafuna, kapena magazi akatuluka m'khutu, musamuthowe ndi madzi otentha n'kumadikira. Pitani naye kuchipatala lero, mukanene kuti amuone nsagwada.