Kalata kwa Wapampando wa MALICO pa za maina a olemba kafukufuku

Bwana Wapampando,

Ndikulemba kuchokera kunsi kwa mapiri a Dedza, kumene timalandira kawirikawiri ophunzira a m'mayunivesite. Ena amafika ku Mua kudzaona za gule wamkulu kunyumba yosungira zakale ya Chamare, ena amatsikira ku Golomoti ndi ku Mtakataka kukacheza ndi asodzi komanso alimi a mpunga a ku Bwanje. Agogo athu amawayalira mphasa n'kuwafotokozera zonse. Pepala la digiri likatha timafuna kuliwerenga, koma kulipeza ndi chintchito, ndipo kawirikawiri chotchinga chimakhala dzina la wolemba.

Bambo Claude Boucher, amene adayambitsa malo a chikhalidwe a Kungoni ku Mua mu 1976, pena amalembedwa Boucher, pena Boucher Chisale, pomwe kuno ndi Achisale basi. Bambo Schoffeleers, ofufuza za Mbona aja, mumawapeza ali Matthew apa, J.M. apo. Bambo van Breugel, amene kafukufuku wawo wa chipembedzo cha Achewa adasindikizidwa ndi Kachere mu 2001, wina amawaika pa V, wina pa B. Ngakhale mlembi wa buku la Nthondo, ena amati Ntara, ena Nthara.

Amenewatu ndi anthu otchuka, wofufuza wakhama amawapezabe. Nanga mwana wa ku Mtakataka wolembedwa "Phiri, M." pakati pa a Phiri osawerengeka? Chondiwawa kwambiri ndi cha mwana wamkazi. Digiri yoyamba amalemba ndi dzina la bambo ake, yachiwiri ndi la mwamuna wake, ndiye ntchito ya munthu mmodzi imaoneka ngati ya anthu awiri osadziwana. Akafunsira ntchito yophunzitsa, theka la thukuta lake siliwoneka.

Chipatukireni MUBAS ndi KUHeS ku Yunivesite ya Malawi mu 2021, malo osungira mapepalawa achuluka. Inu mumasonkhanitsa kale malaibulale a dziko lino, choncho pempho langa ndi lakuti mukhazikitse kaundula mmodzi wa maina a olemba. Wophunzira asanapereke pepala lake alembe dzina lonse, mfunda, chaka chobadwa, maina ena amene adagwiritsapo ntchito, ndi nambala ya ORCID, yomwe ndi yaulere. Wa laibulale asankhe dzina limodzi lokhazikika, enawo azilozera komweko.

Ndipo pokonza zimenezi musaiwale laibulale ya Kafukufuku ku Mua. Ilowe nawo m'kaundulayo, kuti mdzukulu wa agogo amene adafunsidwa uja athe kupeza zomwe zidalembedwa za kwawo osakwera basi ya ku Zomba.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa ku Mtakataka