Foni ikakana kutchaja, kwa mmisiri n'komalizira

Pa msika wa Katuli, m'boma la Mangochi, geni yambiri imayendera foni. Wogula nandolo amayamba wafunsa mtengo wa ku Limbe asanapachike sikelo. Mayi wogulitsa usipa amaimba ku Makanjira kapena ku Malindi kuti amve ngati mwera walola asodzi kulowa m'nyanja. Ajenti wa Airtel Money kapena TNM Mpamba amangokhala manja lende foni ikazima, ndipo banja limene likudikira uthenga wa Mukuru kuchokera kwa mnyamata wawo ku Joni silichotsa maso pa sikirini. Foni ikakana kutchaja m'mawa wa tsiku la msika, phindu la tsikulo lili pachiswe.

Pamenepa ndi pamene amalonda ambiri amataya ndalama kawiri. Mtima ukakhala m'mwamba, wina amakwera kabaza kuthamangira kwa wokonza mafoni ku Namwera, wina amagulitsa foniyo pamtengo wolira, pomwe wina amadula mpamba n'kugula yatsopano. Chonsecho nthawi zambiri vuto limakhala pa kanthu kotchipa kwambiri: chingwe, mutu wa tchaja kapena fumbi. Wamalonda wochenjera ayenera kufufuza vutoli monga amachitira ndalama zikaperewera m'thumba madzulo, kuyambira pa zing'onozing'ono kupita pa zikuluzikulu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Poyambira ndi pamene moto ukuchokera. M'midzi yambiri ya kwa Katuli anthu amatchajira pa sola, pa batire la galimoto kapena pa benchi ya wotchajitsa mafoni. Kukachita mitambo, kapena batire la sola likafooka, moto umachepa, ndipo mafoni khumi akalumikizidwa pamalo amodzi ena amangoonetsa chizindikiro chotchaja koma peresenti osakwera. Kuyesa soketi ina, kapena kulumikiza foni ya mnzake pa soketi yomweyo, kumayankha funso limeneli m'mphindi ziwiri popanda kulipira kalikonse.

Chachiwiri ndi chingwe. Ichi ndicho chimafa msanga kuposa china chilichonse, chifukwa chimapindidwa m'thumba, kukokedwa ndi ana ndiponso kupanidwa ndi katundu. Timawaya ta m'kati mwake timaduka pafupi ndi kumutu ngakhale kunja chikuoneka chabwinobwino. Foni imene imatchaja pokhapokha chingwe chitapindidwa mwakutimwakuti, kapena chitatsamiritsidwa ku mwala, ikunena kale pamene pali nthenda. Munthu abwereke chingwe chimene akudziwa kuti chikugwira ntchito n'kuyesa. Chikakanikanso, asinthe mutu wa tchaja. Chofunika ndi kusintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, apo ayi sangadziwe chimene chinali cholakwika ndipo adzagula zonse ziwiri pamene chofunika chinali chimodzi.

Chachitatu ndi kabowo kolowetsera tchaja. Foni ya wamalonda imakhala m'thumba limodzi ndi ndalama zachitsulo, pa chitenje, pafupi ndi ufa, makala kapena mamba a nsomba, ndipo mu October fumbi la mumsewu silisiya malo. Nthawi iliyonse imene chingwe chalowetsedwa, fumbi ndi ulusi zimatsenderezedwa m'kati mpaka chingwe chimaleka kufika kumapeto. Chizindikiro chake n'chakuti chingwe chimagwedera kapena kugwa chokha. Mankhwala ake ndi kuzimitsa foni, kuunika ndi tochi, n'kutokosa pang'onopang'ono ndi kamtengo kotokosera m'mano kapena mswachi wouma. Singano, pini ndi lumo n'zoletsedwa: chitsulo chimathyola timano ta m'kati kapena kuwotcha foni, ndipo vuto laulere limasanduka la ndalama zambiri. Mafoni ambiri otsika mtengo a Itel ndi Tecno, makamaka akale, ali ndi kabowo ka micro-USB kamene kamalola chingwe kulowa mbali imodzi yokha. Kuchikakamiza chozondoka mumdima ndi njira yachidule yothyolera kalilime ka m'katimo. Kabowo ka USB-C kamalola mbali zonse ziwiri, koma nako kamadzaza fumbi chimodzimodzi.

Zonsezi zikakhala bwino, mwina foniyo yangouma mutu. Kudina batani loyatsira kwa nthawi yaitali kumaidzutsa, ndipo pa Samsung munthu amadina batani loyatsira pamodzi ndi lotsitsira mawu kwa masekondi pafupifupi khumi. Foni imene batire lake linatheratu n'kukhala masiku ili chozima imatha kutenga theka la ola ili pa moto isanaonetse chilichonse, choncho kuichotsa pakatha mphindi zitatu n'kunena kuti yafa n'kupupuluma. Kutentha nako kuli ndi mbali yake. Mafoni ambiri amachepetsa kapena kusiya kutchaja akatentha kwambiri pofuna kuteteza batire. Foni yosiyidwa padzuwa pafupi ndi sola, kapena pansi pa malata a wokala masana, iyenera kuyamba yazizira pamthunzi.

Madzi ndiwo mdani wa ogulitsa nsomba, tomato ndi zakumwa zozizira. Foni yonyowa isalumikizidwe ku moto, chifukwa madzi ndi magetsi zikakumana m'kabowo muja zimabala dzimbiri. Izimitsidwe, igwedezedwe pang'ono kabowo katayang'ana pansi, kenako isiyidwe pamalo odutsa mphepo kwa tsiku lathunthu. Chizolowezi choikwirira mu mpunga chilibe phindu lenileni, moti ngakhale kampani ya Apple imalangiza anthu ake kuti asatero, poti tizidutswa ta mpunga timatha kulowa m'foni. Kuiwamba pamoto kapena pa mbaula n'koipa koposa.

Pali chizindikiro chimodzi chimene sichifuna kuyesayesa. Batire likatupa mpaka chivundikiro chakumbuyo kapena sikirini n'kuyamba kunyamuka, foniyo isatchajidwenso. Batire la lithium lotupa likhoza kuyaka, ndipo m'nyumba yaudzu kapena m'golosale yodzaza makatoni moto wotere sumasewera. Lisabooledwe, lisatayidwe pamoto, koma lisinthidwe. Mabatire onse amakalamba, ndipo foni imene yatumikira zaka ziwiri kapena zitatu ikutchajidwa tsiku ndi tsiku sikhalanso ndi moto ngati kale. Apa ndiye pamene ulendo wa kwa mmisiri uli ndi chifukwa.

Popita kumeneko wamalonda asaiwale kuti ndalama zake sizikhala m'foni muja, zili pa nambala yake. Simukadi ikaikidwa m'kafoni kamabatani, *211# ya Airtel Money ndi *444# ya Mpamba zimagwira ntchito monga mwa masiku onse. N'chifukwa chake kafoni kotere, kamene kamasunga moto masiku angapo, n'koyenera kukhala m'kabati ya ajenti aliyense. Simukadi ndi memori khadi zichotsedwe foni isanasiyidwe kwa wokonza, ndipo nambala yachinsinsi ya akaunti isaperekedwe kwa munthu aliyense. Mtengo ukambidwe ntchito isanayambe, ndipo chipangizo chimene chachotsedwa chibwezedwe kwa mwini foni kuti aone ndi maso kuti chasinthidwadi. Mmisiri wokhulupirika sakwiya nazo zimenezi, ndipo kasitomala amene wafika atayesa kale chingwe ndi mutu amamufupikitsira ntchito. Nawo mayina a angongole azilembedwanso m'kope, chifukwa amene ali pa WhatsApp pokha akhoza kupita limodzi ndi foni.

Gwero la mavuto ambiri otere ndi tchaja yotchipa. Amalonda ali ndi yankho lomveka pa nkhaniyi: yotchipayo ndiyo imapezeka pafupi, yabwino ili ku Mangochi boma kapena ku Limbe, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 katundu aliyense wochokera kunja anakwera mtengo. Izi n'zoona. Koma amene amadziwa kuwerengera phindu la chidebe cha chimanga angathenso kuwerengera izi: zingwe zinayi zotchipa zimene zafa m'chaka chimodzi, kuphatikiza tsiku la msika limene latayika ndi ndalama ya kabaza, zimaposa mtengo wa tchaja imodzi yolimba. Mutu wa tchaja umatsitsa magetsi a m'nyumba a 230V kufika pa 5V amene foni imalandira, ndipo wopangidwa mwachinyengo sutchinga bwino moto ukadumpha, monga zimachitikira magetsi a ESCOM akamabwerera kapena kukamachita ziphaliwali. Chimapsa pamenepo ndi foni imene mtengo wake ndi mpamba wathunthu. Pogula, munthu awerenge zolembedwa pa mutuwo, monga 5V ndi 2A, aukayikire ukakhala wopepuka ngati chikho chopanda kanthu, ndipo auyese pa foni yake asanalipire.

Ogulitsa matchaja ndi otchajitsa mafoni nawo ali ndi gawo lawo. Wogulitsa amene ali ndi kabatire pa benchi kuti kasitomala ayese chingwe, komanso amene amalola kubweza chikafa m'masiku ochepa, amamanga dzina m'dera limene aliyense amadziwana ndi mnzake. Wotchajitsa amene amaika mafoni pamthunzi, kusintha zingwe zotha ndi kuchotsa mafoni pa moto mvula yaziphaliwali ikayamba, adzaona makasitomala akudutsa mabenchi ena kubwera kwa iye. Mabungwe a Malawi Bureau of Standards ndi Competition and Fair Trading Commission ndiwo ali ndi udindo woteteza ogula ku katundu wachinyengo, ndipo n'koyenera kuti ntchito yawo izifikanso m'misika ya m'malire ngati Katuli ndi Chiponde, osangothera m'mizinda.

Podikira zimenezo, chitetezo chili m'manja mwa mwini geni. Soketi, chingwe, mutu, kabowo, kuzimitsa ndi kuyatsa, kenako batire: kuyesa zonsezi sikutha ola limodzi, ndipo zisanu zoyambazo sizifuna ndalama kupatula kubwereka tchaja kwa woyandikana naye benchi. Ndalama ya mmisiri ituluke pokhapokha zimenezi zitakanika.