CHENJEZO: Galu wanu wokalamba akayamba kuchucha dovu, musapise dzanja m'kamwa mwake

Abale anga a kwa Kaluluma, a ku Nkhamenya, a ku Chatoloma ndi midzi yonse mpaka kumalire ndi Mzimba: ngati pakhomo panu pali galu amene wamera imvi kumlomo, uthengawu ndi wanu, ndipo muwawerengereko anzanu amene maso anafooka. Galu wokalamba akayamba kuchucha dovu, chibwano chili lende, akulephera kumeza, musafulumire kunena kuti fupa lamuima pakhosi. Musamupise chala m'kamwa. Musatume mwana kuti amukanule. Mutsekereni kwayekha, ndipo mukauze mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo.

Tonse timamudziwa galu wachiwewe amene amathamanga mudzi wonse akuluma chilichonse. Koma chilipo chiwewe china chozizira, chimene galu salusa nacho ayi. Amangogona pakona, miyendo yakumbuyo ikufooka, mawu akusasa, kukamwa kuli yasa. Chikagwira galu wa zaka khumi, aliyense pakhomo amati ndi ukalamba. Apa ndi pamene pagona ngozi, chifukwa kachirombo kachiwewe kamakhala m'malovu, ndipo sikadikira kuti galu akulumeni. Kabala kakang'ono pachala n'kokwanira, kaya munadzibaya posoka fodya, kaya ndi mng'alu wa khasu.

Ndikunena zimene zinandionekera ine. Galu wanga Kambuku ali ndi zaka 11. Tsiku lina madzulo ndinamupeza kuseri kwa chigafa atasiya nsima yake, dovu likuyenderera mpaka pachifuwa. Ndinamupana ndi mawondo, n'kulowetsa dzanja mpaka kummero kufunafuna fupa. Fupa silinapezeke. Nditatulutsa dzanja m'pamene ndinaona kuti chala changa chachikulu, chimene ndinadzicheka ndi chikwanje dzana lake, chanyowa ndi malovu. M'mawa mwake mlangizi wa ziweto anandifunsa kuti galuyo anabayidwa liti katemera. Panali patatha zaka zitatu. Ndinkaganiza kuti galu wokalamba, wosayendayenda, safunikanso jakisoni. Ndinapita kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo Kambuku anakhala wotsekeredwa masiku khumi, tikumukankhira chakudya ndi ndodo. Linali dzino lowola. Koma masiku khumi amenewo sindinagone tulo, poganizira adzukulu anga amene amadya chimanga chootcha atamutsamira.

Kusiyana kwa ukalamba ndi chiwewe n'kotere. Ukalamba umabwera pang'onopang'ono, pa miyezi ndi zaka. Galu akapitirira zaka zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu amayamba kudzuka movutikira m'mawa, maso amachita ngati mwalowa utsi, makutu amagontha, mano amagweluka. Chiwewe chimasintha galu pa masiku owerengeka. Amene dzana amadya bwino lero sakumeza, wofatsa wayamba ukali, waukali wayamba kufatsa modabwitsa, ndipo zizindikiro zikangoyamba sapitirira masiku khumi ali moyo. Choncho kusintha kulikonse kwadzidzidzi muzikuona ngati chiwewe kufikira mlangizi atanena zina.

Wina akalumidwa, kukandidwa, kapena malovu a galu wokayikitsa akakhudza bala, m'maso kapena m'kamwa, tsukani pamalopo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 zathunthu. Sopo wochapira yemweyo ndi wokwanira. Musathirepo ubweya wootcha wa galuyo, dothi, tsabola kapena mankhwala a zitsamba, ndipo musamange balalo mothina. Mukatero thamangani kuchipatala, kaya cha Kaluluma, cha Nkhamenya kapena chachikulu ku Kasungu boma. Akakutumizani kwina kuti mukalandire katemera, pitani, ngakhale zitafuna kugulitsa nkhuku, ndipo mumalize majakisoni onse pa masiku amene akuuzani. Matendawa amabisala m'thupi, kawirikawiri miyezi iwiri kapena itatu, munthu akuyenda bwinobwino ndipo bala litapola kale. Akangoyamba kuopa madzi, palibenso mankhwala. Bungwe la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse padziko lonse, pafupifupi onse atachitenga kwa agalu, ndipo anayi mwa khumi alionse ndi ana osafika zaka 15. Ana ambiri amabisa akalumidwa poopa kukalipiridwa. Auzeni lero kuti simudzawamenya akaulula.

Chinanso chimene chikutimalizira agalu okalamba ndi chifundo chathu chomwe. Kuno ndi kwa fodya, ndipo pafupifupi nyumba iliyonse ili ndi kabotolo ka mankhwala opopera ku nazale kapena kumunda. Galu akadzadza nkhupakupa ndi nthata, munthu amasungunula pang'ono m'ndowa n'kumusambitsa. Ena amaviika zinyenyeswa za fodya m'madzi, ena amapaka oilo wakuda wa galimoto pa mphere. Lekani zimenezi. Mankhwala amenewa amalowa kudzera pakhungu, galu amadzinyambitanso, ndipo chiwindi ndi impso za galu wokalamba sizingathenso kuchotsa poizoni. Amayamba kunjenjemera, kusanza, kutsegula m'mimba ndi kuchucha dovu, mwakuti anthu amamuyesa wachiwewe n'kumugenda. Fodya yemweyo ndi poizoni kwa galu. Gulani mankhwala a nkhupakupa olembedwa kuti ndi a agalu, ndipo mlingo wake akuuzeni ndi mlangizi.

Mapiritsi athu nawonso musamupatse. Mukaona akutsimphina mumamva chisoni, ndikudziwa, koma bulufeni ndi indosidi zimaboola m'mimba mwa galu ndi kuwononga impso, ndipo panado woperekedwa mwachisawawa amapha chiwindi. Temiki wa makoswe musamutchere pamene galu wosaona bwino angafike.

Zimene galu wokalamba amafuna sizidula. Nsima muziiviika mu msuzi kuti ifewe, muzisakanizamo usipa kapena bonya wosinja, koma wopanda anyezi ndi mchere wambiri. Mafupa ophika a nkhuku ayi. Madzi oyera asamasowe, makamaka m'chilimwe, ndipo mukaona kuti akumwa ndi kukodza mopitirira muyezo, kapena chotupa chikukula, kauzeni mlangizi. Muyalireni chiguduli pamthunzi, ndipo nyengo ya dzinja muziyanika chogonera chake padzuwa ndi kumuyang'ana mphutsi pakhungu. Ana asamudzidzimutse ali m'tulo kapena kumukwera pamsana, chifukwa galu wogontha, wa mafupa owawa, amaluma asanazindikire kuti ndi mwana wa pakhomo.

Katemera wa chiwewe ndi wa chaka chilichonse, galu akhale wokalamba chotani. Mvetserani pamene a zaulimi a Kaluluma EPA alengeza tsiku ndi malo obayira, makamaka chakumapeto kwa September, popeza pa 28 September ndi tsiku lokumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe padziko lonse. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse akabayidwa m'dera, matendawa amasiya kufalikira. Ku Blantyre bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu mwa njira imeneyi kuyambira 2015. Kuno amene amatsalira kawirikawiri ndi agalu okalamba, chifukwa sangathe kuyenda mtunda, ndipo eni ake nawo ndi agogo. Achinyamata, apa ndi panu. Funsani agogo a pafupi nanu ngati galu wawo wabayidwa, mumukweze pa wilibala kapena pa ngolo, ndipo kapepala ka katemera mukawasungire m'buku la kuchipatala. Mafumu, tithandizeni kulemba makomo amene ali ndi agalu otere.

Ndipo inu amene mumagwira ntchito m'maesiteti, msika wa fodya ku Chinkhoma ukatha n'kumabwerera kwanu, musamusiye galu pa bwinja. Wokalamba sangathe kusaka, amayamba kuzungulira m'madzala usiku, kumene amakumana ndi nkhandwe, afisi ndi agalu osabayidwa, kenako n'kubwera ndi chiwewe kumene ana athu amasewera. Mutengeni, kapena mumusiye m'manja mwa munthu amene wavomera, pamodzi ndi kapepala kake.

Ikafika nthawi yoti galu sakudzukanso, sakudya, akungolira ndi ululu, musamupachike, musamuthire poizoni, musakamutaye kudambo. Itanani a zaziweto amugoneke ndi jakisoni, ndipo mumukwirire mozama. Koma ngati wafa mokayikitsa, musamugwire ndi manja osavala kanthu, ndiponso musaphwanye mutu wake, chifukwa ubongo ndi umene amaupima kuti adziwe ngati chinali chiwewe. Mbuzi kapena ng'ombe imene galuyo anailuma musaiphe kuti mudye kapena kugulitsa. Lembani mayina a onse amene anamukhudza galuyo masiku khumi apitawo, kuyambira ana, ndipo mupite nawo kuchipatala tsiku lomwelo.